Hugh Tracey, Wosonkhanitsa Nyimbo za Kumidzi

Bambo Hugh Tracey adabadwira ku Devon, ku Mangalande, m'chaka cha 1903. Mu 1921 adafika ku Southern Rhodesia, dziko lomwe lero ndi Zimbabwe, kudzathandiza mkulu wawo pa munda wa fodya. Kumeneko adaphunzira Chikaranga poimba limodzi ndi antchito, ndipo adazindikira kuti nyimbo zimene Azungu anzawo ankazinyoza zinali ndi luso lozama ndiponso malamulo akeake.

Mu 1929 adatengera oimba a Chikaranga ku Johannesburg kukajambula nyimbo zawo pa malekodi a kampani ya Columbia. Pambuyo pake adayenda maulendo ataliatali m'maiko a kumwera, pakati ndi kum'maŵa kwa Africa atanyamula makina ojambulira mawu. Pojambula ankagwira maikolofoni m'manja, kuiyandikiza kwa woimba ng'oma, kenaka kwa wotsogolera nyimbo, kuti womvera amve mbali iliyonse payokha. Pa khadi ankalemba dzina la woimba, malo, chiyankhulo, choimbira ndi tanthauzo la nyimboyo. Kwathu kuno adafikako mu 1950, 1957 ndi 1958, najambula nyimbo za Acheŵa, Amang'anja, Ayao, Atonga ndi Atumbuka, kuphatikizapo za bangwe ndi malipenga.

Mu 1954 adakhazikitsa nkhokwe ya nyimbo yotchedwa International Library of African Music ku Roodepoort, ndipo m'menemo mudachokera malekodi oposa 200 a dzina lakuti Sound of Africa. Iwo ndiwonso adatchukitsa kalimba kunja kwa Africa. Atamwalira mu 1977, mwana wawo Andrew adasamutsira nkhokweyo ku Rhodes University mu 1978, mumzinda umene tsopano umatchedwa Makhanda.

Pali mbali ina imene sitiyenera kuibisa. Ntchitoyi idachitika m'nthaŵi ya utsamunda. Malekodi adakasungidwa kutali, ndipo ambiri mwa oimbawo adamwalira asanaŵaone. Chifukwa cha ichi nkhokweyo idayamba kubweza nyimbo zina kumadera kumene zidachokera. Komabe pakadapanda makadi ndi malekodi amenewo, mawu a agogo athu ambiri akadapita nawo kumanda.

Kodi ife aphunzitsi titolepo chiyani? Zigayo zachepetsa nyimbo za pamtondo, ndipo maseŵera a pamwezi akuzilala. Tikapita kukayesera kuphunzitsa, titume ana akafunse nyimbo imodzi kwa agogo awo, alembe dzina la woimba, mudzi, nthaŵi imene imaimbidwa ndi tanthauzo lake. Pambuyo pake mwana aliyense aphunzitse anzake, mphunzitsi ajambule pa foni atapempha chilolezo kwa eniake, ndipo zojambulazo zisungidwe pasukulupo. Potero phunziro limodzi liphatikiza nyimbo, Chicheŵa ndi mbiri, ndipo nyimbozo zikhala m'manja mwa adzukulu a amene adazipeka.