Mbiri ya Malemu Mary Pickford (1892–1979)

Mayi Mary Pickford adabadwira mumzinda wa Toronto ku Canada m'chaka cha 1892. Bambo awo atamwalira, iwo adayamba kuchita zisudzo akadali mwana kuti banja lipeze chakudya. Atatchuka m'mafilimu a ku America, adaona kuti mphamvu yogulitsa mafilimuwo idali m'manja mwa eni makampani. Motero mu 1919, pamodzi ndi Charlie Chaplin, Douglas Fairbanks ndi D. W. Griffith, adakhazikitsa kampani ya United Artists kuti aluso azilamulira okha ntchito za manja awo. Adaleka kusewera m'mafilimu mu 1933, koma adakhalabe mmodzi mwa eni ndi atsogoleri a kampaniyo kufikira 1956. Adatisiya mu 1979.