A Orton Chirwa, Amene Anasungira Mnzawo Mpando

Lero ndabwera ndi mbiri ya a Orton Chirwa a ku Malawi. Ena mufunsa kuti za ku Malawi zikutikhudza bwanji ife a ku Chifunde. Inu amene mumawoloka pa Cassacatiza kupita ku Katete ndi ku Chipata, dziwani kuti mbali yowawa ya nkhaniyi inachitikira komweko.

A Chirwa anabadwa mu 1919 ku Nkhata Bay. Anayamba ndi uphunzitsi, kenako anakaphunzira zamalamulo ku London, ndipo mu 1958 anakhala loya woyamba wachikuda wa dziko la Nyasaland. Mu March 1959 atsamunda analetsa chipani cha Nyasaland African Congress n'kumanga atsogoleri ake. Dr Kamuzu Banda anakawatsekera ku Gwelo, kumene lero amati Gweru, ku Zimbabwe. A Chirwa nawonso anamangidwa koma anatuluka msanga, ndipo chaka chomwecho anayambitsa chipani cha Malawi Congress Party, iwo n'kukhala mtsogoleri.

Apa mpamene ine ndimagwira pakamwa. Kamuzu atatuluka mu April 1960, a Chirwa anam'patsa mpando uja osakangana naye. Ife alimi tikudziwa mmene zimavutira. Munthu akakubwereka munda, iwe n'kuswa mphanje, kuzula zitsa, kuthira manyowa, tsiku loti mwini wake wabwera mtima umawawa ndithu. Koma pano ngakhale mundawo anatsegula ndi a Chirwa eni ake, ndiye anaupereka wonse.

Dziko litalandira ufulu mu July 1964, iwo anali nduna ya zachilungamo. Sipanathe miyezi itatu, nduna zinasemphana ndi Kamuzu. Zinadandaula kuti akulamula yekha, komanso kuti akugwirizana ndi Apwitikizi amene ankatilamulira ife kuno. Mu September a Chirwa anachotsedwa, ndipo iwo ndi akazi awo, mayi Vera, anakakhala ku Tanzania. Kumudzi zinthu zinathina: mu 1966 chipani chinatsala chimodzi basi, mu 1971 Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya, ngati mfumu. A Chirwa ali kunjako anayambitsa chipani chotsutsa cha MAFREMO. Koma kutsogolera anthu uli ku Dar es Salaam, iwo ali ku Mzimba akuopa ngakhale kutchula dzina lako, ndi ntchito yosaoneka phindu msanga.

Pa 24 December 1981, anthu akukonzekera Khirisimasi, a Chirwa, mayi Vera ndi mwana wawo Fumbani anagwidwa. Boma la Malawi linati anawapeza atalowa m'dzikomo, koma eni ake ananenetsa kuti anachita kubedwa ku Zambia, dera la Chipata. Mlandu woukira boma unazengedwa m'khoti la mafumu, kumene loya saloledwa. Taganizani, loya woyamba wa dziko kuzengedwa mlandu popanda womuimira! Chomvetsa chisoni china n'choti makhoti ang'onoang'ono amene a Chirwa anathandiza kukonza mu 1962 ndi omwewo amene boma linadzawapatsa mphamvu zoweruza milandu ya imfa.

Mu May 1983 onse awiri anagamulidwa kuti aphedwe. Mayiko akunja ndi mipingo anadandaula kwambiri, ndipo mu 1984 chilango chinasinthidwa kuti akhale m'ndende moyo wawo wonse. Ku ndende ya Zomba mwamuna ndi mkazi anali m'mpanda umodzi koma osaonana zaka 8. Anadzakumana mu September 1992, maloya a ku Britain atabwera kudzawaona. Nthawi imeneyo a Chirwa anali atafooka, maso osaona bwino, makutunso osamva bwino.

Anamwalira m'ndendemo pa 20 October 1992, ali ndi zaka 73. Ife kuno tinali titangolandira mtendere wa ku Roma pa 4 October, makolo athu amene anathawira ku Malawi ndi ku Zambia akuyamba kuganiza zobwerera kumidzi. Mayi Vera anatulutsidwa mu January 1993, ndipo mu June chaka chomwecho Amalawi anavota kuti zipani zikhale zambiri, patangotha miyezi 8 a Chirwa atamwalira.