MOYO WA FRANCESCA WOYERA WA KU ROMA, MAYI AMENE ANAONA MNGELO WOMSUNGA

Akristu anzathu a ku Kanyenda ndi a m'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja, mwezi uno tikulemberani mbiri ya mayi wa pabanja, amene anasenza nkhuni, nalera ana, naika ena a iwo m'manda, monga achitira amayi ambiri a kwathu kuno. Tasankha mbiri yake chifukwa ambiri ophunzira katekisimu afunsa ngati angelo ali amodzi ndi mizimu ya makolo, ndiponso ngati mngelo wotisunga agwira ntchito yonga ya chithumwa. Moyo wa mayi ameneyu uyankha mafunso onse awiri.

Ubwana ndi ukwati wake

Francesca anabadwa m'mzinda wa Roma chaka cha 1384, m'banja la anthu omveka ndi achuma. Akali kamtsikana anafuna kudzipereka kwa Mulungu m'nyumba ya asisteri, koma atate ake, a Paolo Bussa, anakana, namkwatitsa kwa mnyamata wa banja lina lolemera, dzina lake Lorenzo Ponziani. Pamenepo nkuti Francesca ali ndi zaka ngati 12, pakuti unali mwambo wa masiku amenewo, umene lero uli woletsedwa. Iye anamva chisoni chachikulu mpaka anadwala. Koma atachira anaulandira ukwatiwo ngati njira imene Mulungu adzamuyeretsa nayo. Anakhala ndi mwamuna wake zaka 40 mokondana ndi molemekezana.

M'nyumba ya apongozi ake anapezamo bwenzi la mtima umodzi, Vannozza, mkazi wa mbale wake wa Lorenzo. Awiriwo ankapemphera pamodzi, nayendera odwala m'zipatala. Francesca, ngakhale anali mkazi wa munthu wolemera, ankavala nsalu zosakongola, natola nkhuni kunja kwa mzinda, nazisenzetsa bulu kukagawira amphawi. Ndipo anzake achuma ankamseka.

Masiku a masautso

Zaka zimenezo Roma anali pa mavuto aakulu. Asilikali a Ladislao, mfumu ya ku Napoli, analowa m'mzinda. Lorenzo analasidwa koopsa, nyumba yao inafunkhidwa, ndipo mwana wao wachisamba, Battista, anatengedwa chikole. Pambuyo pa nkhondo panadza njala ndi mliri. Francesca anasandutsa mbali ina ya nyumba yake kukhala chipatala, nasambitsa zilonda za anthu ndi manja ake. Chaka cha 1411 mliri unatenga mwana wake wamwamuna Evangelista, ndipo sipanapite nthawi yaitali, mwana wake wamkazi Agnese anamwaliranso.

Mngelo aonekera

Zimene zitsatira pano tizidziwa mwa wansembe Giovanni Mattiotti, amene anali kumva maulula ake, nalemba zimene iye anamuuza. Patapita chaka chimwalirire Evangelista, Francesca ali kupemphera m'bandakucha, anaona mwana wakeyo ali wokondwa mu ulemerero, ndipo pambali pake panaima wina wowala kopambana. Mwanayo anadziwitsa amake kuti uyo ndiye mngelo amene Mulungu wampereka kuti ayende nao, ndipo atatero anachoka. Koma mngeloyo anatsala.

Kuyambira pamenepo Francesca ankamuona usana ndi usiku, m'maonekedwe a kamwana. Ndipo kuwala kwake kunali kotere kuti mayiyo ankatha kuwerenga mapemphero ake mumdima popanda nyali. Koma akalakwa ngakhale pang'ono, kapena kupsa mtima ndi ntchito za pakhomo, kapena kumvera miseche ya alendo, mngeloyo ankabisika m'maso mwake kufikira atalapa. Pakuyesedwa ndi mizimu yoipa, ankayang'ana kwa iye nalimba mtima.

Chimene Eklezia aphunzitsa

Taonani bwino, abale: mwanayo ndi mngeloyo anaima awiri, wina payekha, wina payekha. Pa maliro a khanda timamva anthu akutonthozana kuti mwana wasanduka mngelo. Mauwo achokera mu mtima wabwino, koma sali oona. Munthu akamwalira akhalabe munthu, ndipo mzimu wake udikira kuuka kwa thupi. Angelo sanabadwe mwa mkazi, alibe mfunda kapena manda. Iwo ndiwo mizimu yopanda thupi, yokhala ndi nzeru ndi ufulu wa kusankha, yosafa, imene Mulungu anailenga popanda kanthu, monga unaphunzitsa Msonkhano waukulu wa Aepiskopi wa ku Laterano chaka cha 1215. Chifukwa chake safuna nsembe ya ufa kapena ya mowa patsinde pa mtengo, ndipo sadwalitsa mwana chifukwa mwawaiwala.

Dzina lakuti mngelo litanthauza mthenga. Malembo Oyera atitchulira maina a atatu okha: Mikaele, amene anagonjetsa Satana ndi angelo ogalukira, Gabriele, amene anatumidwa kwa Virigo Maria, ndi Rafaele, amene anaperekeza Tobia pa ulendo. Eklezia awakumbukira pa 29 Sepitembala, ndipo pa 2 Okutobala akumbukira angelo otisunga, pakuti Ambuye Yezu mwini anaphunzitsa kuti angelo a tiana aona nkhope ya Atate masiku onse. Tiwalemekeza ndi kuwapempha chithandizo, koma sitiwapembedza; kupembedza nkwa Mulungu yekha.

Taonaninso ichi: mngelo sanachotsere Francesca mtanda wake. Agnese anafa mngelo ali pompo, ndipo Lorenzo sanapezenso mphamvu zake zakale. Amene amanga chithumwa m'chiuno afuna kugula chitetezo cha thupi. Koma mngelo sagulidwa, ndipo ntchito yake yaikulu ndiyo kufikitsa mzimu kwa Mulungu. Nthawi zina atipulumutsa ku ngozi Mulungu akafuna. Koma masiku onse atiunikira, atichenjeza pa tchimo, napereka mapemphero athu kumwamba.

Zaka zake zotsiriza

Pa 15 Ogasiti 1425, Francesca ndi amayi anzake anadzipereka kwa Maria Woyera m'tchalitchi cha Santa Maria Nova, kuti atumikire amphawi akali kukhala m'makomo mwao. Chaka cha 1433 anatsegula nyumba ya Tor de' Specchi, ya iwo ofuna kukhala pamodzi. Koma iye mwini sanalowemo, pakuti anali kudwazika mwamuna wake. Lorenzo atamwalira chaka cha 1436, ndipo anapita kukagogoda pakhomopo modzichepetsa, napempha kuti amlandire. Ndipo anzake anamsankha akhale mkulu wao. Anamwalira pa 9 Malichi 1440, ali ndi zaka 56 kapena kucheperapo pang'ono. Papa Paulo V anamlemba m'gulu la Oyera chaka cha 1608, ndipo chaka cha 1925 Papa Pio XI anamuika akhale nkhoswe ya oyendetsa magalimoto, pokumbukira mngelo amene ankamuunikira njira usiku.

Phunziro kwa ife

Eklezia sakakamiza munthu kukhulupirira masomphenya a Oyera monga akhulupirira Malembo, ndipo ife tisayembekeze kuona zotere, kapena kuthamangira aliyense wonena kuti mngelo walankhula naye kutulo. Francesca sanabise kanthu kwa wansembe wake, namvera uphungu wake. Chimene iye anapatsidwa kuona ndi maso, ife tapatsidwa kuchidziwa ndi chikhulupiriro.

Tsono iwe msodzi wopalasa bwato usiku kukapha usipa, mwera ukayamba kuutsa mafunde, suli wekha. Inu amayi ozula chinangwa kapena opalira mpunga kudambo, mtima uli kumanda a mwana wanu, simuli nokha. Ndipo iwe mnyamata woganiza kuti mdima wabisa njira yako yoipa, kumbukira kuti pali mboni pambali pako, imene ikonda iwe koposa umo udzikondera wekha. Phunzitsani ana anu pemphero la kwa mngelo wotisunga, mulinene nao m'mawa ndi madzulo. Ndipo mantha a usiku akadza, mugwire korona m'malo mwa chithumwa.

Francesca Woyera ndi Angelo Oyera otisunga atipempherere ife tonse.