Vasily Grossman, Mlembi Wosabisa Coona

Vasily Grossman anali Myuda wobadwira ku Berdychiv, m'dziko la Ukraine, m'caka ca 1905. Pamene Ajeremani anathira nkhondo Soviet Union mu 1941, iye anatsagana ndi asilikali akwao monga mtola nkhani. Caka comweco adaniwo anapha amai ake pamodzi ndi Ayuda ambirimbiri. Grossman analemba zimene anaona pa nkhondo ya ku Stalingrad, naululanso za Treblinka, kumene Ayuda anaphedwa ndi mpweya wakupha.

Pambuyo pake analemba buku lodzudzula nkhanza za Hitler ndi Stalin yemwe. Boma la Soviet Union linamlanda bukulo mu 1961, ndipo anamwalira mu 1964 lisanasindikizidwe. Koma anali atasungitsa lina kwa abwenzi ake, ndipo linasindikizidwa ku Switzerland mu 1980.