Mlendo wodwala amene mafumu a ku Samoa adamulambulira msewu

Ambiri adamvapo za buku la Treasure Island, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti mlembi wake, Robert Louis Stevenson, adagona paphiri la pachilumba china cha m'nyanja ya Pacific, kutali kwambiri ndi kwawo.

Stevenson adabadwa mu 1850 mumzinda wa Edinburgh ku Scotland. Ankavutika ndi chifuwa kuyambira ali mwana, moti atakula nthawi zina ankakhosomola magazi, ndipo chisanu cha kwawo chinkangowonjezera matendawo. Mu June 1888, mabuku atayamba kumupatsa kangachepe, adachita hayala boti lotchedwa Casco ku San Francisco n'kunyamuka ndi mkazi wake Fanny, mayi ake komanso Lloyd, mwana womupeza, kukapitidwa mphepo kuzilumba zotentha.

Ulendo wokangoona malowu udasanduka wosabwerera. Adayendera zilumba za Marquesas, Tahiti, Hawaii ndi Gilbert, ndipo m'thupi adayamba kupezako bwino. Adafika ku Samoa kumapeto kwa 1889, kenaka adagula malo ku Vailima, kufupi ndi tauni ya Apia, n'kumangapo nyumba. Eni nthaka adamutcha Tusitala, kutanthauza wolemba nthano.

Masiku amenewo maiko a Germany, Britain ndi America ankalimbirana Samoa uku akudanitsa mafumu. Munthu wodwala ngati iyeyu akadatha kungokhala pakhonde n'kumalemba nthano zake, koma adalowererapo. Adalemba makalata kunyuzipepala ya The Times ku London kudzudzula azungu anzake amene ankayendetsa zinthu kumeneko. Nkhondo ya 1893 itatha, mfumu Mata'afa idapirikitsidwira kuchilumba china ndipo mafumu oitsatira adatsekeredwa m'ndende. Stevenson sadawataye, ankawazonda ndi kuwathandiza.

Mafumuwo atatulutsidwa mu 1894, adagwira okha ntchito yolambula msewu wopita kunyumba kwake, osafuna malipiro. Tangoganizani, mafumu enieni kukhetsa thukuta chifukwa cha mlendo!

Msewuwo sadauyende nthawi yaitali. Pa 3 December 1894, akucheza ndi mkazi wake madzulo, adagwa mwadzidzidzi mtsempha wa mu ubongo utaphulika, ndipo adamwalira ali ndi zaka 44. Anthu a ku Samoa adatema njira m'nkhalango ya phiri la Vaea n'kunyamula maliro paphewa mpaka pamwamba, pomwe mwini wake adafuna kuikidwa. Nyumba ya ku Vailima pano ndi yosungiramo mbiri yake, ndipo alendo ofika ku Apia amakwera phirilo kukaona manda a Tusitala.