Louis Gregory: Loya wa ku Washington ndi Banja Lake

Abwenzi ambiri amadziwa dzina la Louis Gregory chifukwa cha maulendo awo ophunzitsa Chikhulupiriro m'dziko la America. M'kapepala kano tiwerenga za mbali ina ya moyo wawo: ntchito ya uloya, komanso makomo awiri, khomo lomwe adakulira ndi khomo lomwe adamanga okha atakula.

Louis adabadwa pa 6 June 1874 mumzinda wa Charleston, m'chigawo cha South Carolina. Apa n'kuti patangopita zaka 9 chithere nkhondo yapachiweniweni imene idathetsa ukapolo m'dzikolo. Makolo ake, Ebenezer ndi Mary Elizabeth George, onse adabadwira mu ukapolo. Bambo ake adamwalira ndi chifuwa chachikulu iye ali wamng'ono kwambiri, ndipo pakhomo padagwa umphawi wadzaoneni. Agogo ake aamuna, mmisiri wosula zitsulo amene zinthu zidayamba kuwayendera, adaphedwa ndi gulu la azungu achiwembu omwe sankafuna kuona munthu wakuda ali ndi kanthu. Agogo ake aakazi adapirira zonsezi, ndipo Louis ankawakumbukira moyo wake wonse chifukwa cha kulimba mtima kwawo ndi nkhani zawo zoseketsa.

Mayi ake adakwatiwanso ndi bambo wina wa mu Charleston momwemo, dzina lake George Gregory. Bamboyu adabadwa mfulu, adamenya nawo nkhondo ija kumbali ya asilikali ofuna kuthetsa ukapolo, ndipo ankagwira ntchito ya ukalipentala. Tonse tikudziwa mmene mwana womupeza amakhalira pamakomo ena: amadya pomaliza, ndipo fizi ikavuta woyamba kusiyitsidwa sukulu ndi iyeyo. George Gregory sadatero. Adamutenga Louis ngati mwana wobereka yekha, mpaka mnyamatayo adatenga dzina lake n'kukhala Louis George Gregory. Louis asanakwanitse zaka 20, mayi ake ndi mbale wake Theodore adamwalira. Pamenepo panalibenso magazi omangiriza mnyamatayu ku khomo lija, ndipo bambo wina akadangomuuza kuti aone msana wa njira. Koma George Gregory ndi amene adamulipirira chaka choyamba ku Fisk University, mumzinda wa Nashville. Zaka zotsatirazo Louis adadzilipirira yekha. Adali ataphunzira utelala, choncho ankasoka, kuchapa ndi kusita zovala za ophunzira anzake, ndipo patchuthi ankaperekera zakudya m'malo odyera.

Adamaliza ku Fisk mu 1896. Chaka chomwecho khoti lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Plessy ndi Ferguson, lidagamula kuti n'zololedwa kupatula anthu akuda ndi azungu m'sitima ndi m'malo ena. Mnyamatayu ankaona ndi maso ake kuti lamulo lili kumbali ya omupondereza, komabe adasankha kuphunzira lamulo lomwelo. Ataphunzitsa pang'ono ku Avery Institute, sukulu yomwe iye adaphunzirako ku Charleston, adapita ku Howard University mumzinda wa Washington, ndipo mu 1902 adalandira digiri ya zamalamulo.

A Gregory adatsegula ofesi ya uloya mu Washington limodzi ndi mnzawo James A. Cobb, amene pambuyo pake adadzakhala woweruza. Uloya wa munthu wakuda masiku amenewo sunali wolemeretsa. Anthu obwera ndi milandu yawo ambiri adali osauka. Oweruza adali azungu, ndipo ngakhale anthu akuda amene adali ndi ndalama kawirikawiri ankathamangira kwa loya wachizungu poopa kuluza. Mu 1906 a Gregory adayamba ntchito ku unduna woona za chuma cha boma. Nthawi imeneyi mtima wawo udali wowawa ndi nkhanza zomwe anthu akuda ankachitiridwa. Ankagwirizana ndi maganizo a W. E. B. Du Bois ofuna kuti ufulu uperekedwe wonse popanda kudikira, ndipo za chipembedzo adali atazitaya.

Ku ofesi ya bomayo ankagwira ntchito ndi mzungu wina wa kumwera, Thomas Gibbs, amene adawakakamiza kuti akaone msonkhano wa Abahá'í. Adapita mu 1907, mongofuna kusangalatsa mnzawoyo. Kumeneko adakumana ndi Pauline Hannen, ndipo kwa miyezi yambiri ankapita kunyumba kwa mayiyu ndi amuna awo, Joseph Hannen, kukaphunzira. Onani kuti apanso chidawakoka ndi khomo: banja la azungu lomwe linkalandira munthu wakuda pabalaza ngati mlendo wolemekezeka, mumzinda umene zotere zinkadabwitsa anthu. Mu 1909 a Gregory adalandira Chikhulupiriro. Sadapeze zonse zili bwino. Abahá'í ena a ku Washington ankachitabe misonkhano mopatula mitundu, ndipo loyayu adawafunsa mwaulemu koma mosabisa mawu kuti zimenezi zikugwirizana bwanji ndi chiphunzitso cha umodzi wa anthu onse.

Mu 1911 adapita kukaona 'Abdu'l-Bahá ku Ramleh, pafupi ndi Alexandria m'dziko la Egypt, kenako adakafika ku Haifa ndi ku 'Akká. Pakati pa alendo anzawo padali mayi wina wa ku England, Louisa Mathew, wophunzira bwino, wodziwa nyimbo ndi zinenero, amene adalandira Chikhulupiriro ku Paris. Adali wamkulu kwa a Gregory ndi zaka 8, ndipo thanzi lake silinali lolimba. Awiriwa ankangoonana ngati abwenzi. Amene adaona patali ndi 'Abdu'l-Bahá. Atafika ku America mu 1912, Iye adalankhula ku Howard University pa 23 April, ndipo tsiku lomwelo, pa chakudya cha anthu olemekezeka kunyumba kwa Ali-Kuli Khan, adaitanitsa a Gregory, omwe sadaitanidwe, n'kuwakhazika kudzanja Lake lamanja. Chaka chomwecho adalimbikitsa a Gregory ndi mayi Mathew kuti aganizire za banja. Adakwatirana pa 27 September 1912 mumzinda wa New York, pamwambo wachete wa anthu ochepa chabe.

Apa tiime pang'ono, chifukwa mkwati ameneyu adali loya. Ankadziwa bwino kuposa wina aliyense pamwambopo kuti m'zigawo zoposa theka za dzikolo ukwati wa munthu wakuda ndi mzungu udali woletsedwa ndi lamulo. Kwawo ku South Carolina kudali chimodzimodzi. Sakadatha kupita ndi mkazi wawo ku Charleston n'kukhala naye ngati banja popanda kuopa ndende, kapenanso gulu la achiwembu ngati lomwe lidapha agogo awo. Ngakhale kumpoto, komwe lamulo linkalola, kupeza nyumba yalendi kudali kovuta, ndipo anthu ankawayang'ana ndi diso loipa mumsewu. Azungu ambiri adanyansidwa, anthu akuda ena adadandaula, ndipo ngakhale pakati pa Abahá'í padali ena amene adakhumudwa. A Gregory adalowa m'banjali akudziwa mtengo wake.

Pa nthawiyi adali atabwereranso ku uloya, ndipo banjali lidakhazikika ku Washington. Koma 'Abdu'l-Bahá atalembera Abahá'í a ku America makalata owapempha kuti afalitse Chikhulupiriro m'zigawo zonse, a Gregory adatseka ofesi yawo cha mu 1917. Awiriwa adagulitsa nyumba yawo kuti ndalamazo zithandize pa maulendo. Kuyambira pamenepo a Gregory adayenda zaka zambiri, makamaka kumwera, akulankhula m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'makoleji monga Tuskegee ndi Fisk. Ankakwera mabogi a sitima opatulidwira anthu akuda, ndipo nthawi zambiri ankagona m'nyumba za anthu chifukwa mahotela sankawalandira. Kumwerako mayi Louisa sakadatha kuwaperekeza.

Wina pagulu lathu angafunse kuti: kodi munthu wogulitsa nyumba, wosiya ntchito yabwino, wokhala miyezi yambiri kutali ndi mkazi wake, tingamutche wokonda banja? Funsoli ndi loyenera, ndipo tisalithawe. Ine ndikuona kuti yankho lagona pa mfundo yakuti a Gregory sadasankhe zimenezi okha n'kukangomuuza mkazi wawo. Adagwirizana awiri. Mayi Louisa nawonso sadangokhala kudikira pakhomo. M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 ankapita ku Ulaya kukaphunzitsa, makamaka ku Sofia m'dziko la Bulgaria ndi ku Belgrade, kumene zinenero zomwe ankadziwa zidagwira ntchito. Ankalemberana makalata, ndipo nyengo yotentha ikafika ankayesetsa kukhalira limodzi, kawirikawiri ku Eliot m'chigawo cha Maine, kufupi ndi sukulu ya Abahá'í ya Green Acre. Kupatukanaku kudali kowawa, ndipo gawo lalikulu la ululuwo lidachokera ku malamulo a tsankho. Sadakhale ndi ana. Zimenezi pakati pathu zimagwedeza mabanja ambiri, koma lawo lidakhala zaka pafupifupi 39, mpaka imfa.

Luso la uloya silidatayike. Munthu wozolowera kumvetsera mbali zonse, kusanja mfundo ndi kulankhula mosapsa mtima adali wofunika kwambiri pa zokambirana. Mu 1912 adasankhidwa m'komiti yoyendetsa ntchito yomanga Nyumba Yopembedzeramo, ndipo mu 1922 adasankhidwa m'Bungwe Lauzimu la Dziko, momwe adatumikira zaka zambiri. Adathandizanso pa msonkhano woyamba wolimbikitsa ubale wa mitundu, umene Agnes Parsons adakonza ku Washington mu 1921, ndi pa misonkhano ina yambiri yotsatira.

George Gregory adamwalira mu 1929. Mwana womupeza uja, tsopano bambo wa zaka 55 wodziwika m'dziko lonse, adapita ku Charleston ndipo adawerenga mapemphero a Chibahá'í pamaliropo.

Mu 1937 banjali lidapeza mwayi wotumikira limodzi m'dziko la Haiti, ngakhale kuti adakhalako miyezi yochepa chabe. Ukalamba utafika adakhazikika ku Eliot, m'kanyumba kakang'ono, ndipo mu 1946 a Gregory adapuma pa ntchito za Bungwe la Dziko. Zaka zomalizazi ndi zimene adakhalira pamodzi mosadukiza. Kumapeto kwa 1948 a Gregory adadwala sitiroko, ndipo amene adawadwazika ndi mayi Louisa, omwe panthawiyo adali atapitirira zaka 80. Adachira ndithu mpaka kuyambanso kulemba makalata ndi kulandira alendo.

Adamwalira pa 30 July 1951, ali ndi zaka 77. Shoghi Effendi, Mtetezi wa Chikhulupiriro, adatumiza uthenga wowatcha Dzanja la Chipembedzo cha Mulungu. Mayi Louisa adatsatira mu 1956, ndipo onse awiri adaikidwa ku Eliot. Malamulo oletsa ukwati ngati wawo adakhalapobe m'zigawo 16 mpaka 1967, pamene khoti lalikulu lidawathetsa pa mlandu wa Loving ndi Virginia. Ku Charleston, nyumba yaing'ono yamatabwa imene George Gregory adalereramo mwana womupeza idakalipo, ndipo kuyambira mu 2003 ndi malo osungirako mbiri ya Louis Gregory.