Nargis: mayi amene anakoka pulawo dziko nkumalira

Pa 15 Okutobala timakhala ndi Tsiku la Anakubala, ndiye pa mbiri ya mwezi uno ndakutengerani mayi wa ku India. Ambiri a inu mafilimu achimwenye mumawadziwira pa Zee World, ena m'mavidiyo a ku Chibavi ndi ku Zolozolo kumene amachita kuwamasulira m'Chichewa. Koma inu musanabadwe, mwinanso makolo anu asanabadwe, kunali Nargis. Anamwalira mu 1981, koma filimu yake ya Mother India anthu akuionerabe mpaka lero, ndipo ikumawalizabe. Khalani pansi mumve chifukwa chake.

Nargis anabadwa pa 1 Juni 1929 mumzinda wa Calcutta, ndipo dzina lake lenileni linali Fatima Rashid. Mayi ake, a Jaddanbai, anali woyimba wodziwika amenenso ankapanga mafilimu pa nthawi imene akazi ochita zimenezi anali owerengeka. Bambo ake anali Mhindu amene analowa Chisilamu. Mwana wa ng'ona salephera kusambira: ali ndi zaka 6 zokha, Fatima anaoneka mufilimu ya mayi ake yotchedwa Talash-e-Haq ya mu 1935. Dzina loti Nargis linayambira pamenepo, ndipo ndi dzina la duwa.

Mu 1943, ali ndi zaka 14, msinkhu wa mwana wa Fomu 1 kapena Fomu 2, katswiri wokonza mafilimu Mehboob Khan anamupatsa mbali yaikulu mufilimu ya Taqdeer. Kuchokera apo sanabwererenso m'mbuyo. Mu 1949 anasewera mu Andaz pamodzi ndi Dilip Kumar ndi Raj Kapoor, komanso mu Barsaat. Kenako kunabwera Awaara mu 1951 ndi Shree 420 mu 1955. Iye ndi Raj Kapoor anasewera limodzi mafilimu 16, ndipo Awaara inatchuka mpaka ku Soviet Union ndi ku China. Awiriwa anakhalanso paubwenzi zaka zambiri, koma Raj anali ndi mkazi wake kunyumba ndipo banja lakelo sanalisiye. Ubwenziwo unatha, Nargis nkutsala ndi ntchito yake basi.

Nthawi imeneyo ndi imene Mehboob Khan anamuitananso. Ankafuna kukonzanso filimu yake yakale ya mu 1940 yotchedwa Aurat, koma ulendo uno ya mitundu komanso yaikulu. Tangoganizani: mtsikana wa zaka za m'ma 20, wozolowera kusewera ngati dona wa m'tauni, akumuuza kuti adzole matope, agwire khasu, ayambe ngati mkwatibwi ndipo pomaliza akhale gogo wa imvi. Kwa katswiri wotchuka ndi kukongola, kumeneko kunali kuika dzina lake pachiswe. Iye anavomera. Mother India inatuluka mu Okutobala 1957, patadutsa zaka 10 chilandirireni India ufulu wodzilamulira, Nargis ali ndi zaka 28.

Nkhani yake ndikufotokozerani yonse, musandikwiyire, filimu ya zaka zoposa 60 ilibenso chinsinsi. Radha akwatiwa ndi Shamu. Kuti ukwati ukhale wapamwamba, apongozi ake akongola ma rupee 500 kwa Sukhilala, wakatapila wa m'mudzimo. Pambuyo pake pabuka mkangano pa zimene anagwirizana, akuluakulu a m'mudzi nkuweruza mokomera mwini ndalama. Chigamulo chake: pa zokolola zilizonse, magawo atatu mwa anayi azipita kwa Sukhilala, ndipo chimenecho ndi chiwongoladzanja chabe, ngongole yeniyeniyo ili pompo. Kunena kwa kwathu kuno, mwakolola matumba 20, matumba 15 atengedwa, inu mutsale ndi 5, chaka chamawa chimodzimodzi.

Pofuna kuonjezera munda, Radha ndi mwamuna wake ayamba kuswa mphanje pamalo a miyala. Chimwala chimuphwanya Shamu manja onse awiri. Chifukwa cha manyazi oti akudyetsedwa ndi mkazi, bamboyo achoka pakhomo usiku, osabwereranso. Kenako kubwera chimvula, madzi asefukira, nyumba ndi mbewu zonse zipita, ndipo mwa ana a Radha mutsala awiri okha, Ramu ndi Birju. Njala itafika povuta, Sukhilala amuuza kuti chakudya chilipo bola agone naye. Radha akana. Anthu a m'mudzi akufuna kusamuka, iye awachonderera kuti asathawe nthaka yawo. Ng'ombe palibe, ndiye goli alisenza yekha nkumakoka pulawo. Chithunzi chimenecho ndi chimene chinali pa zikwangwani zoitanira anthu ku filimuyi.

Ana aja akula. Ramu ndi wofatsa, koma Birju wakula ndi mkwiyo poona zibangili za mayi ake zili m'manja mwa wakatapila ndipo ngongole siikutha. Mapeto ake alowa m'gulu la achifwamba, abwera kudzapha Sukhilala, nkuba mwana wake wamkazi pa tsiku la ukwati wake. Radha amuletsa, Birju osamva. Mayi atenga mfuti nkuombera mwana wake yemwe, ndipo Birju afera m'manja mwake. Filimu ithera pamene Radha, atakalamba, akutsegulira ngalande ya madzi a mthirira m'mudzimo, madziwo nkuoneka ofiira ngati magazi.

Tsopano ndiuzeni, ndi chiti pamenepa chimene ndi chachilendo kwa ife? Katapila timamudziwa, uja wotenga thumba limodzi la chimanga mu Januwale nkudzabweza awiri pokolola. Ukwati wa ngongole timauona. Madzi osefukira sitichita kumva: mvula ya mu Epulo 2016 inagwetsa nyumba zambiri muno mu Mzuzu, abale athu a ku Karonga amalimbana nawo kawirikawiri, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anapha anthu mazanamazana kuchigawo cha kummwera. Nanga mayi wolera ana yekha bambo atapita ku Joni osamvekanso? Pitani mumsika waukulu m'mawa, mukawapeza atayala kale tomato. Nchifukwa chake filimuyi inakondedwa kutali ndi kwawo, monga ku Nigeria, ku Egypt ndi ku Greece. Munthu sufunika kumva Chihindi kuti udziwe zimene zikuchitika pa nkhope ya Radha.

Chinanso chimene chimaisunga filimuyi ndi choti siikupatsa yankho lophweka. Birju sakunama, banja lake labedwadi zaka zonsezi. Radha nayenso sakulakwa poteteza mtsikana amene sanakongoze munthu ndalama. Ukamaonera umapezeka uli mbali zonse ziwiri, ndipo mtima umawawa. Onjezani nyimbo zokonzedwa ndi Naushad, muona kuti maola pafupifupi atatu atha osadziwa.

Pojambula filimuyi panachitika zimene sizinalembedwe. Pa gawo lina la moto, malawi anakula mosayembekezeka Nargis ali pakati. Sunil Dutt, mnyamata amene ankasewera ngati Birju, analowa m'motomo nkumutulutsa, iye nkupsa. Nargis anamusamalira mpaka kuchira, ndipo chikondi chinayambira pomwepo. Musadabwe, eti, mufilimu anali mayi ndi mwana koma kunja anali a chaka chimodzi, onse obadwa mu Juni 1929. Anakwatirana pa 11 Malichi 1958, mkazi Msilamu, mwamuna Mhindu, m'dziko limene zipembedzo ziwirizi zinali zitaphana koopsa mu 1947 pogawa India ndi Pakistan. Ndipo taonani: mayi wachihindu amene anthu anamutenga ngati chizindikiro cha India yense anaseweredwa ndi mkazi wachisilamu, mufilimu yokonzedwa ndi Msilamu.

Mother India inali filimu yoyamba ya ku India kufika pa mndandanda womaliza wa mphoto ya Oscar ya mafilimu a zilankhulo zakunja, ngakhale mphotoyo inapita kwa Nights of Cabiria ya ku Italy. Nargis analandira mphoto ya Filmfare, ina ku Karlovy Vary m'dziko la Czechoslovakia, ndipo mu 1958 boma la India linamupatsa ulemu wa Padma Shri. Ali pamwamba chonchi, anachepetsa za mafilimu kuti alere ana ake atatu, Sanjay, Namrata ndi Priya. Ataonekanso mu Raat Aur Din ya mu 1967, anakhala mkazi woyamba kulandira mphoto ya boma ya wosewera bwino kuposa onse.

Zaka zotsalazo anazipereka pothandiza anthu. Iye ndi mwamuna wake anakhazikitsa gulu la Ajanta Arts limene linkapita kukasangalatsa asilikali m'malire a dziko. Anakhalanso mtetezi woyamba wa bungwe la Spastics Society of India, losamalira ana olumala. Mu 1980 anasankhidwa kulowa m'nyumba ya malamulo ya Rajya Sabha, koma chaka chomwecho anamupeza ndi khansa ya kapamba. Anakalandira chithandizo ku New York, nkubwerera kwawo, ndipo anamwalira ku Bombay pa 3 Meyi 1981 ali ndi zaka 51. Patangopita masiku ochepa, filimu yoyamba ya mwana wake Sanjay Dutt monga katswiri wamkulu, yotchedwa Rocky, inaonetsedwa koyamba, ndipo muholomo anasiya mpando umodzi wopanda munthu. Mwamuna wake anayambitsa bungwe lothandiza odwala khansa m'dzina lake.

Ndiye mukapeza bandulo yokwanira, ifufuzeni filimuyi, ndipo ngati nkotheka muionere pamodzi ndi mayi anu kapena agogo. Amene mukuganiza zokongola ndalama zoyambira geni, kaya kwa munthu kaya ku banki mkhonde, funsitsani kuti mudzabweza zingati ndipo liti musanasaine paliponse. Tikakumana Loweruka tidzakambirane funso ili: mukanakhala Birju mukanatani, nanga mukanakhala Radha, mfuti ija mukanaigwira? Bwerani ndi mayankho anu.